Kabotolo ka anthu 10: zimene ndinaphunzira pobaya katemera wa COVID-19 kumudzi

Ndine mlangizi wa zaumoyo. Kuntchito timatchulana kuti ma HSA, koma kumudzi amangonditcha adokotala. Ndimagwira ntchito pa chipatala chaching'ono m'chigawo chapakati, ndipo midzi yanga ili kutsidya kwa dambo, kumene nthawi ya dzinja umatsika njinga n'kumaikankha m'matope. Anzanga amene angoyamba ntchito amandifunsa kawirikawiri kuti zinatheka bwanji kuti anthu amene ankatseka zitseko akationa adzafike potiitana okha kuti tikawabaye katemera. Ndalemba zonse, kuphatikizapo zimene ndinalakwitsa, kuti mliri wina ukadzabwera asadzapunthwe pa chitsa chomwe ndinapunthwapo ine.

Korona inapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, koma kwathu anthu ankaitenga ngati nthenda ya m'tauni, ya anthu okwera ndege. Mantha enieni anabwera mu Januwale 2021. Pa 12 Januwale, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo wailesi inkangolengeza maliro. Ine ndinkaganiza kuti mantha amenewo akankhira anthu kuchipatala. Anachita kuwathamangitsako. Kunamveka mphekesera yoti ukapita kuchipatala ndi chifuwa, achipatala amakubaya jakisoni wokumaliza kuti akuwerengere pa gulu la ofa ndi Korona. Benchi la odwala, lomwe masiku onse limadzaza, linakhala pululu. Katemera anatipeza zinthu zili choncho.

Pa 5 Marichi 2021 ndege inatera ku Lilongwe ndi katemera wa AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, yothandiza mayiko kupeza katemera wa Korona. Pa 11 Marichi, Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anabayitsa ku Zomba, ndipo wachiwiri wawo, a Saulos Chilima, anabayitsa ku Mzuzu. Oyamba kulandira tinali ife azaumoyo, kenako aphunzitsi, apolisi, asilikali, okalamba ndi anthu odwala nthenda zamgonagona monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Sindibisa, nanenso ndinali ndi mantha. Mauthenga a pa WhatsApp omwe ankazunguza anthu a m'midzi yanga ankafikanso pa foni yanga. Ndinabayitsa m'mawa, ndipo pofika usiku thupi lonse linali lophwanya, mutu ukuwawa, mkono utalemera ngati ndasinja chimanga tsiku lonse. Ndinamwa panado, ndipo pa tsiku lachiwiri ndinadzuka bwinobwino.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Anthu akandifunsa kuti ndinamva bwanji, ndinkayankha kuti palibe chilichonse, n'kajakisoni chabe. Ndinkaopa kuti ndikanena zoona athawa. Patangopita masiku ochepa, mphunzitsi wina wa pa sukulu ya pulayimale ya m'dera langa anabayitsa, ndipo usiku anatentha thupi n'kumanjenjemera. Akazi ake anathamangira kwa aneba akulira kuti bambo awapatsa poizoni. Kutacha nkhani inali itazungulira midzi itatu. Aphunzitsiwo anachira tsiku lotsatira, koma mbiri ya kuchira siyenda mtunda umene mbiri ya kudwala imayenda. Mayi aja atandipeza pa mjigo anandiuza maso ndi maso kuti, "Adokotala, munati palibe chilichonse. Nanga zija zinali chiyani?" Ndinasowa choyankha, chifukwa iwo ankanena zoona.

Kuyambira tsiku limenelo munthu aliyense ndimamuuziratu ndisanatenge singano. Ndimati mkono uwawa, mwina mutentha thupi, mwina mumva kuphwanya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimenezo zikutanthauza kuti thupi layamba kupanga chitetezo. Ndimati mumwe madzi ambiri, mumwe panado, mupume, koma zikapitirira masiku atatu, kapena mutu ukawawa modabwitsa, kapena mukabanika, musadikire, bwerani kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni. Munthu amene wauzidwiratu akatentha thupi usiku amati adokotala ananena. Amene sanauzidwe amadzutsa mudzi wonse.

Kulakwa kwachiwiri n'kumene kumandiwawa mpaka lero, ndipo kukukhudza kabotolo. Kabotolo kamodzi ka AstraZeneca kanali ka anthu 10, ndipo ukangokatsegula unkayenera kukamaliza pasanathe maola 6. Zotsala zinali zotaya. Popeza katemera anali wochepa m'dziko lonse, tinkaumira kwambiri. Tinkadikira kuti anthu akwane 10 kenako n'kutsegula. Tsiku lina mu Epulo kunabwera anthu anayi okha. Mmodzi anali bambo wachikulire, wa imvi mutu wonse, amene anayenda wapansi kuchokera mudzi wa kumapeto kwenikweni kwa dera langa, ulendo wa maola awiri. Anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, chipewa chili pa bondo. Anthu sanakwane. Ndinawauza kuti, "Agogo, pepani, mubwerenso Lachinayi." Anangoti zikomo, n'kuvala chipewa, n'kumapita.

Lachinayi sanabwere. Kumudzi kwawo anakanena kuti anapita yekha kukafuna katemera koma achipatala anamubweza, choncho nkhani yonseyi ndi yachibwana. Mudzi umenewo unatseka chitseko kwa miyezi 7. Ndinasunga madozi 6, n'kutaya mudzi wathunthu. Ndikanakhala ndi nzeru zomwe ndili nazo lero, ndikanatsegula kabotolo, n'kubaya anthu anayi aja, kenako n'kukwera njinga kupita pa msika ndi kwa ogwira ntchito pa chigayo kukasaka ena 6 maola aja asanathe. Pambuyo pake ndi zimene tinkachita, ndipo nthawi zambiri anthu ankapezeka.

Chowawitsa mtima n'chakuti pamene ife tinkaumira madozi 6, ena ambirimbiri ankatha mphamvu m'mafiriji. Dziko linalandira katemera wina 102,000 kudzera ku bungwe la African Union kumapeto kwa Marichi, koma tsiku lake lothera mphamvu linali 13 Epulo. Nthawi inali yochepa, anthu akukayikira, ndipo sanathe. Pa 19 Meyi, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inatsogolera kuwotcha madozi 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, atolankhani akuona. Kwathu ena anati, mwaona, boma lawotcha poizoni wake. Koma ambiri anayamba kufunsa funso lina, lomwe linali labwino: kodi amene muli nayeyo sanathe mphamvu? Ndinayamba kutulutsa kabotolo m'bokosi, n'kumpatsa munthu wodziwa kuwerenga pagulupo kuti awerenge tsiku mokweza. Zinkangotenga kamphindi, koma nkhope za anthu zinkamasuka. Munthu amafuna aone ndi maso ake chimene chikulowa m'thupi mwake, ndipo ali ndi ufulu wotero.

Mu Juni katemera anatheratu. Dziko la India, kumene ankapangidwa, linasiya kutumiza kunja chifukwa mliri unali utavuta kwawoko. Apa n'kuti anthu amene tinawabaya mu Marichi atakwanitsa masabata 12, nthawi yolandira jakisoni wachiwiri. Ankabwera ndi makadi awo m'manja, ife tilibe chowapatsa. Chimene chinatipulumutsa ndi kope wamba la chikuto cholimba. Aliyense wobwera tinkamulemba dzina, mudzi, mfumu yake ndi nambala ya foni, yake kapena ya wachibale, n'kumulonjeza kuti katemera akangofika timuuza ife. Mu Julaye mliri unabweranso mwamphamvu, maliro anachuluka, ndipo katemera atafika kumapeto kwa mweziwo anthu anaima pamzere kuyambira m'mamawa. Tinayamba ndi a m'kope muja. Ena tinawaimbira, ena tinawatumira uthenga kudzera kwa anyakwawa. Mayi wina anandiuza kuti sankayembekezera kuti aboma angakumbukire lonjezo, ndipo anabwera ndi achemwali ake awiri amene anali asanabayitsepo.

Mu Ogasiti kunafika katemera wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi, kabotolo ka anthu asanu. Ameneyu anatithandiza kwa anyamata ochita geni yodutsa malire ndi amene ankakonzekera ulendo wa ku Joni, anthu oti sungawapeze pakhomo kawiri. Koma ngakhale zinali choncho, mliri utangozizira pang'ono mzere unatha. Tinabwerera pokhala pa khonde la chipatala, bokosi lili pambali, kudikira anthu osabwera.

Amene ananditsegula maso ndi a gulupu a m'dera langa. Ndinapita kukawadandaulira, nditakhala pansi pa mkeka monga mwa mwambo, ndipo nditamaliza anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi inu achipatala munabwerapo kudzatifunsa chimene tikuopa? Mumangobwera ndi chimkuzamawu n'kumatiuza zochita." Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pabwalo, ndipo anandilangiza kuti ndisabwere ndi katemera tsiku limenelo, ndibwere ndi makutu okha.

Msonkhano umenewo unatenga pafupifupi maola atatu, ndipo ine ndinalankhula pang'ono kwambiri. Amayi anafunsa ngati n'zoona kuti wobayitsa sadzaberekanso. Abambo, mochita kuzungulira, anafunsa za mphamvu za m'nyumba. Wina anati anamva kuti onse obayitsa adzafa pakatha zaka ziwiri. Wina anati azungu akufuna kuchepetsa anthu akuda. Mayi wina wopemphera kwambiri anati ndi chizindikiro cha 666. Mnyamata wina anaonetsa kanema wa pa foni wa munthu amene ndalama yachitsulo inkamatirira pamkono pomwe anabayidwa. Ndinapinda dzanja la yunifolomu, n'kumuuza kuti ayese pa mkono wanga. Anayesa katatu, ndalama ikugwa pansi, ndipo anthu anaseka. Kuseka kumeneko kunachotsa chinthu china cholemera chomwe chinali pabwalopo.

Funso limene linandigwira mtima linachokera kwa agogo ena aakazi. Anati, "Mwanawe, tikapita kuchipatala ndi malungo mumatiuza kuti mankhwala atha, tikagule. Nanga uyu waulereyu, wochita kutikakamiza, wachokera kuti?" Funso limeneli si la umbuli ayi. Ndi la munthu amene waona zambiri. Ndinawayankha kuti n'zoona mankhwala amasowa ndipo nafenso zimatipweteka, kuti katemerayu anagulidwa ndi thumba limene mayiko anasonkherana chifukwa nthendayi siona malire, komanso kuti palibe amene adzawagwire mkono mokakamiza. Ndinawakumbutsanso kuti katemera wa chikuku ndi wa kafumbata, amene ndakhala ndikubaya adzukulu awo ku sikelo zaka zonsezi, nayenso ndi waulere, ndipo chikuku chimene chinkatenga ana m'midzi muno masiku awo a utsikana sichikuonekanso ngati kale. Anagwedeza mutu, osanena kuti avomera kapena akana.

Sabata yotsatira tinabwera ndi bokosi. A gulupu anakhala pa mpando pakati pa bwalo, n'kuvula jekete, n'kunena kuti, "Yambani ndi ine, anthu anga aone." Pambuyo pawo panabwera akazi awo, kenako anyakwawa awiri, kenako agogo aja a funso lovuta. Tsiku limenelo tinatsegula timabotolo tambiri kuposa mwezi wonse wapitawo. Chofunika kwambiri chinachitika mawa lake: a gulupu anayenda m'mudzi monse, kupita kudimba ndi kubwerako, kuti aliyense awaone ali moyo.

Kwa azibusa ndi mashehe ndinaphunzira kusapita ndi mtsutso. Ndinkapempha mphindi zisanu nthawi ya zolengeza, kapena kuwapempha iwo eni kuti anene tsiku ndi malo. Abusa ena anakana, ndipo sindinawanyoze kapena kuwatchula pagulu. Anthu a mumpingo mwawo ena ankabwera kunyumba kwanga chakumadzulo, kuli kachisisira, kudzafunsa ngati angabayitse popanda wina kudziwa. Amayi enanso ankaopa amuna awo. Oterewa tinkawapangira nthawi yawo kuchipinda cha kuseri, ndipo khadi ena ankapempha kuti ndiwasungire. Musamaitane mayina mokweza pa malo obayira, ndipo musamauze mfumu kapena wachibale kuti uje wabayitsa. Chinsinsi chikangoululika kamodzi, onse obwera mobisa amasiya.

Mu Novembala 2021 unduna wa zaumoyo unayambitsa ndondomeko yomwe inkatchedwa Vaccine Express, yotumiza magalimoto okhala ndi zimkuzamawu ndi katemera m'midzi ndi m'misika. Inathandiza zedi, koma ndinaona kuti galimoto payokha imangosonkhanitsa ana. Kumene inkabala zipatso ndi kumene ife ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi tinali titadutsamo kale dzulo lake, khomo ndi khomo, kulemba amene avomera. Tikadziwa kuti mudzi wakuti uli ndi anthu pafupifupi 30, tinkanyamula timabotolo tokwanira ndi kena kapadera. Za nthawi nazonso tinaphunzira movutikira. Novembala ndi Disembala anthu amakhala kumunda kuyambira mbandakucha, ena ali pamzere wogula feteleza wotsika mtengo. Kupita m'mudzi 8 koloko m'mawa n'kukapeza nkhuku zokha. Tinasintha n'kumafika cha m'ma 2 koloko masana, anthu ataweruka kumunda ndi kudya. Masiku a msika, misonkhano ya banki m'khonde ndi mpira wa Lamlungu zinkatipatsa anthu osonkhana kale. Pamaliro sitinkabaya, si malo ake, koma tinkapempha amfumu kuti polengeza anenepo za tsiku lathu.

Kwa amene mudzanyamule bokosi, za kuzizira musazitenge mopepuka. Katemerayu amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo firiji timaiyang'ana n'kulemba pa tchati m'mawa ndi madzulo, ngakhale Loweruka ndi Lamlungu. Ambiri amaopa kutentha kokha, koma kuuma ndi chisanu nako kumawononga katemera. Ma ice pack, mabotolo a madzi oundana oziziritsira bokosi, mukawatulutsa mufiriza musawaike m'bokosi nthawi yomweyo. Ayaleni patebulo mpaka mukawagwedeza muzimva madzi akuyenda m'kati. Pabwalo bokosi likhale pamthunzi, lotseka, ndipo mthunzi ukasuntha nalonso lisunthe. Mukatsegula kabotolo lembanipo nthawi, chifukwa pakati pa chigulu mutu umaiwala. Aliyense wobayidwa akhale pansi mphindi zosachepera 15 musanamulole kupita. Mphindi zimenezo ndinkazigwiritsa ntchito kulemba khadi, kubwereza za kuphwanya m'thupi, ndi kufunsa ngati kunyumba kwatsala wokalamba amene sangathe kuyenda. Okalamba ambiri tinawapeza mwa njira imeneyi, n'kuwabayira pakhonde pawo.

Chinthu china chimene tinatsala pang'ono kuwononga ndi sikelo. Titayamba kubaya wa Korona, amayi ena anasiya kubweretsa ana, poopa kuti tiwabaya mobisa katemera watsopanoyo. Mwana wosalandira katemera wa chikuku ali pa ngozi yoposa imene tinkalimbana nayo. Tinasiyanitsa matebulo, mabokosi ngakhalenso masiku, ndipo mayi aliyense ndinkamuonetsa kabotolo n'kumuuza dzina la katemera ndisanakhudze mwana wake. Amene anasowa tinawatsatira kunyumba pogwiritsa ntchito kaundula wa m'mudzi. Anzanga a komiti ya zaumoyo anayenda nane maulendo onsewa popanda malipiro, ndipo ndinkawauziratu poyera ngati kulibe alawansi, kusiyana n'kuwasiya akuyembekezera. Anthu amenewa ndi amene anasenza ntchitoyi, ngakhale mayina awo salembedwa mu lipoti lililonse.

Nkhani ya kusabereka sinathe ndi mawu anga. Inatha mu 2022, pamene amayi a m'midzi yanga anandiona ndikupalasa njinga ndili woyembekezera, ine amene ndinabayitsa kawiri iwo akudziwa. Atsikana amene ankandizemba anayamba kundiimitsa panjira. Mmodzi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, ndiye kuti zija zinali zabodza eti?" Anabayitsa sabata yomweyo pamodzi ndi anzake atatu.

Ku mudzi wa kumapeto kuja ndinapitako mu Novembala 2021, tsiku limodzi galimoto isanafike. Ndinafunsa nyumba ya bambo achikulire aja, ndipo ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Anandizindikira nthawi yomweyo. Ndinagwada n'kunena kuti, "Agogo, ndabwera kudzapepesa. Munayenda ulendo wautali, ine ndinakubwezani. Ndinalakwa." Anakhala chete nthawi yaitali, akupitiriza kusema. Kenako anati, "Ndinabwera ndi miyendo yanga, mwana wanga. Tsiku lija ndinasiya kumunda." Ndinati ndikudziwa. Anafunsa ngati mawa ndidzawauzenso kuti anthu sanakwane. Ndinawalonjeza kuti ngakhale atakhala okha, kabotolo ndidzatsegula.

Mawa lake anali oyamba kufika, atavala chipewa chomwe chija, ndipo kumbuyo kwawo kunali akazi awo, ana awo awiri ndi mkamwini. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka mwana wodwala poliyo, ndipo mu Marichi tinayamba kuyenda khomo ndi khomo kudonthezera ana osakwana zaka zisanu katemera wa m'kamwa. Nditafika pakhomo pawo ndinapeza atasonkhanitsa kale adzukulu onse pamkeka, wamng'ono kwambiri ali pamiyendo pawo. Anamutsegula kukamwa okha ndi chala, n'kundiuza kuti ndikamaliza ndipite kuseri kwa nkhokwe, kuli nyumba ina ya mwana wobadwa kumene imene sindinkaidziwa.